Ndinagula Motobomba ndi Makutu

Inu owerenga, ine ndinalakwa. Ndinalakwa ndikuyimba, ndinalakwa ndikuvina, ndipo azimayi anzanga ankandiombera m'manja ndili mkati molakwa. Ndinagula katundu wakale pa foni, osamuona ndi maso, osamugwira ndi manja, ndipo katundu ameneyo anandichotsera zidzukulu zitatu pakhomo. Zilembozi ndinaziphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya akuluakulu ya kutchalitchi, ndiye mukaona mawu ena akutsimphina muwapirire. Mumve nkhani yokha.

Kwathu ndi kuno ku Zobwe, kumtunda, kufupi ndi malire a Malawi. Anthu amandidziwira pakamwa. Ndikamapalira ndimayimba, ndikamachapa ndimayimba, ndikamathamangitsa mbuzi za eni m'munda ndimazitukwana moyimba. Malemu amuna anga ankati anakwatira wailesi yopanda pozimitsira. Ndinabadwa choncho, wokondwa, ndipo sindinadziwe kuti kukondwa nakonso kumagwetsa munthu.

Mwana wanga ndi mmodzi, Felizimina. Anakwatiwa zaka zija malasha atavuta ku Moatize, pamene aliyense wa mphamvu zake ankatsika ndi chapa, minibasi zathu zija, kukafuna chisoti ndi nsapato za ku mgodi. Mwamuna wake ndi Mnyungwe wa cha ku Changara. Dzina lawo sindingalitchule, ndi akamwini anga, ndiye ndiziti bambo a Lusiya. Kwawo amalowola, ndipo analowoladi, zonse zinayenda bwino. Ndiye kuti ana ndi a kuchimuna, osati a kuchikazi monga timachitira kwathu kuno. Chimenechi muchigwire, chifukwa mtima wanga wonse unali pamenepo.

Chinanso muchigwire ndi ichi. Ntchito ya bambo a Lusiya ku mgodi inali yoyang'anira makina opopa madzi m'dzenje la malasha. Zaka ndi zaka manja awo anali m'mimba mwa makina amenewo. Ine ndinkadziwa. Ndinkadzitama nazo potuluka m'tchalitchi, kuti mkamwini wanga ndi amene amaumitsa mgodi wonse.

Kenako ntchito inatha. Inathera anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo nyumba ya lendi ku Moatize inayamba kuluma. Tsiku lina ndinangoona galimoto yaima pamsewu, akutsitsa matiresi, mabeseni, ndi ana atatu: Lusiya wamkulu, Marita wapakati, ndi kakang'ono Zinya kali kumbuyo kwa amake. Inu owerenga, anthu ankalira kuti ntchito yatha, ine ndinavina masiku atatu. Ndinavina m'mawa, ndinavina masana, ndinavina mpaka bondo linanditukwana. Pakhomo panga panali zii kuyambira maliro a amuna anga, ndiye taonani, pabwalo padzaza timapazi.

Tinawamangira nyumba moyang'anana ndi yanga. Koma kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kuudzu. Mawu amayenda kudzera mwa mwana. Ambiri masiku ano anazisiya, ine ndinazigwira ndi manja awiri, chifukwa amayi anga ankatero ndipo ndinkaona kuti ndi ulemu wokoma. Tsiku loyamba bambo a Lusiya, monga munthu wa m'tauni, anabwera atatambasula dzanja kuti andipatse moni. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe ndikuseka, ana n'kumanditsatira akuganiza kuti ndi masewera. Kuyambira pamenepo anaphunzira. Akafuna kudutsa pabwalo ankatsokomola kaye, ine n'kulowa m'nyumba. Zitseko zathu zinkapenyana, koma mchere weniweniwu tinkapemphana kudzera mwa Felizimina.

Ndinawapatsa dimba la malemu, m'mbali mwa kamtsinje kathu. Dimbalo lili pawiri. Kumunsi, pafupi ndi madzi, kuli kachigawo kakang'ono. Kumtunda kuli nthaka yaikulu yonona, koma n'pachitunda, ndipo wokwera nazo zitini za madzi amafika atatheratu. Chilimwe choyamba analima kumunsi kokha, tomato ndi kabichi, kuthirira ndi zitini. Anagwira ntchito munthu uja, osadandaula, koma zimene zinatuluka zinali za sopo ndi mchere basi.

Tsiku lina tikutongola chimanga, Felizimina anandiuza motsitsa mawu kuti bambo a Lusiya ayesanso chilimwe chimodzi chokha. Chikakanika, atenga banja lonse kupita kwawo ku Changara, kumene achimwene awo amachita malonda a mbuzi ndipo akufuna wowathandiza. Ndinayang'ana Zinya akuthamangitsa nkhuku ndi chitsononkho, nyimbo inandithawa pakamwa. Ndinati mumtima, madzi akangokwera chitunda chija, anawa sachoka.

Ndinali ndi foni yopalasa ndi chala, yakale ya Felizimina. Kulemba pa foni sindithamanga nako, koma kutumiza mawu ndiye kwathu, ndimadina n'kuyamba kuyimba. Komadre wanga, mnzanga wapamtima mai Jowakina, amene amagulitsa nthochi pamalire, anali atandilowetsa m'gulu la pa foni la anthu ogulitsana katundu wakale ku Moatize. Nthawi imeneyo ntchito zikutha, anthu ankataya zinthu mtengo wozizira: mipando, makama, njinga zamoto, ziwaya. Zolembedwa m'Chipwitikizi ndinkazidumpha, ine ndinkaona zithunzi ndi kumvera mawu.

Ndiye tsiku lina inatulukira. Motobomba, makina aja opopa madzi oyendera gazolina, kapena kuti petulo, yofiira psuu, yonyezimira ngati tomato wam'mame. Pansi pake panali kavidiyo. Dzanja likukoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kuyamba kulira. Mawu ake, inu owerenga, mawu ake. Osatsokomola, osabanika, osanjenjemera, mawu okhuthala ngati a azibambo a kwaya pa Pasaka. Ndinamvera ndili pamkeka, ndinamvera ndili kuchitsime, ndinamvera ndikupita kumaliro. Ine ndimadziwa mawu. Munthu wodwala ndimamumvera pa moni. Ndinati chinthu cholira chonchi sichingakhale ndi nthenda.

Ndinatumiza mawu kwa mwini wake. Anayankha nthawi yomweyo, Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, mawu aulemu, akunditcha mama. Anati naye ntchito yamuthera, akubwerera kwawo kutali, ndipo motobombayo anangoigwiritsa ntchito miyezi yochepa pa kadimba kake. Ndinamuyimbira kanyimbo kothokoza, iye anaseka n'kunena kuti ndikumukumbutsa amayi ake. Masiku awiri okha tinali ngati tinadyera mbale imodzi.

Apa mpamene ndinayamba kulakwa koonekera. Munthu wodziwa makina opopa madzi kuposa aliyense m'dera lathu lonse ankagona kutsidya kwa bwalo langa. Koma ndinafuna kuti chikhale chodzidzimutsa, mphatso ya mpongozi, yoti anthu aziisimba. Komanso ndinene zoona, ine kukagwada kufunsa nzeru kwa mkamwini ndinaona ngati kuvula mpango pakati pa msika. Ndiye ndinatuma Felizimina kuti akafunse ngati nkhani yongocheza, kuti kodi motobomba yabwino imadziwika bwanji.

Zimene anayankha zonse ndinadzazimva mochedwa. Iwo anati motobomba ili pawiri, pali injini ndi mimba. Injini ndi imene imalira, mimba ndi imene imakoka madzi, ndipo injini ikhoza kuyimba bwino mimba itafa kalekale. Anati yakale siigulidwa usanaione ikumwa ndi kulavula madzi uli pomwepo, ndiponso usanamasule mimbayo n'kuona kachitsulo kozungulira mkati. Koma Felizimina anabwera nawo mawuwo ali ndi mwana kumbuyo, nkhuni pamutu, nyemba zikupserera, ndiye anafika nawo theka. Anangoti akuti muzionetsetsa kuti ikutulutsa madzi. Sindimuimba mlandu mwana wanga. Ndine amene ndinasankha kuti nkhani yaikulu iyende njira yaitali.

Ndinauza wogulitsa uja kuti ndikufuna kuona madzi. Anati palibe vuto mama. Anatumiza kavidiyo kachiwiri. Motobomba ikulira pafupi ndi khoma, kenako foni ikutembenuka, ikudutsa khomalo, ndipo uko madzi akuthovoka m'mangeira, paipi yofewa ija, madzi ambiri, oyera, amphamvu. Ndinaimirira ndekha m'nyumba n'kuvina. Sindinadzifunse kuti mangeirayo yachokera kuti. Pakati pa motobomba ndi madzi panali khoma, ndipo maso anga analumpha khomalo chifukwa mtima unali utalumpha kale.

Mai Jowakina anandichenjeza. Anati komadre, Moatize si kumwamba, ukwera chapa m'mawa, madzulo wabwera, pita ukaione. Ndinamuuza wogulitsa kuti ndibwera Lolemba. Iye anayankha modandaula kuti pali bambo wina wa ku Kambulatsitsi akubwera mawa lomwe ndi ndalama m'manja, koma iye mtima wake uli pa ine, mama wake, ngati ndingatumize lero. Ndinali ndi nkhumba yaikazi yaikulu, imene ndinailera kuyambira ili kamwana, ili pafupi kuswa. Ndinaigulitsa tsiku lomwelo kwa wokazinga nyama pamsika. Ndinapita kwa otumiza ndalama pa foni aja amakhala pansi pa ambulera pamalire, ndinatumiza zonse, ndinabwerera kunyumba ndikuyimba njira yonse.

Zikanathera pa nkhumba, bwenzi lero ndikuseka. Koma pakamwa pangapa sipasunga kanthu. Motobomba isanafike n'komwe, ndinaitana Felizimina n'kumuuza kuti akawauze bambo a Lusiya awokere mbande zonse kumtunda, madzi ndabweretsa ine. Nthawi imeneyo mbande za tomato zinali zitakula pa nazale, zikufuna kuwokera. Chaka chathacho zotsala ankagulitsa kwa anzawo, chifukwa kumunsi n'kochepa. Anabweza funso kudzera mwa mkazi wawo, kuti yagulidwa kuti ndipo waiona ndani. Ine ndinabweza yankho loti mawu a mpongozi safunsidwa kawiri. Ndinanena moseka, koma anafika ngati lamulo.

Anamvera. Munthu uja anandilemekeza kuposa mmene ndinayenera. Anagaula chitunda chonse, anawokera mbande zonse kumtunda, anathira adubo yense, feteleza amene anagula ndi kandalama kawo kotsala ka ku mgodi. Kumunsi anasiyira Felizimina kuti adzale mpiru wa ndiwo. Wogulitsa anachedwa sabata yathunthu, lero akuti chapa yadzaza, mawa akuti woyendetsa wakana, ndipo masiku onsewo bambo a Lusiya ankakwera ndi zitini kuti mbande zigwire, akudikira madzi a mpongozi.

Inafika Loweruka masana, itakulungidwa m'matumba, pansi pa mpando wakumbuyo wa chapa. Ndinali nditaitana azimayi anzanga a kwaya, onse mu kapulana, zitenje zathu, zofanana. Tinaikweza pa njinga, tinaiveka maluwa, tinanyamuka ulendo wa kudimba. Nyimbo ndinali nditapeka kale:

Madzi akwera phiri, ee, akwera phiri,
Zitini gonani, msana pumula,
Zidzukulu zanga sizichoka pano.

Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona. Ena anatitsatira. Lusiya ndi Marita anali kutsogolo akuvina ngati ukwati.

Kudimba bambo a Lusiya ankadikira ndi gazolina m'botolo ndi mangeira yobwereka. Ine ndinakaima kuseri kwa nthochi monga mwa ulemu, koma ndikusuzumira pakati pa masamba. Anamasula matumba. Ananjuta. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaigwira. Kenako anakanda pamimba pake ndi chikhadabo, utoto wofiira n'kutsalira pachala, wofewa. Ananunkhiza chalacho, anayang'ana mkazi wawo, Felizimina n'kugwetsa maso pansi. Anadziwa pomwepo. Koma akanati chiyani, pamaso pa mudzi, mpongozi ali kuseri kwa nthochi akuwomba m'manja?

Anathira madzi m'mimba mwake monga amachitira poyamba, analumikiza mangeira, anakoka chingwe. Inalira. Mawu omwe aja, okhuthala, okoma. Azimayi anaimba nthungululu, ine ndinatuluka theka kuseri kwa nthochi ndikudula chiuno. Tonse maso anali kumtunda, kumene kunathera mangeira, tikudikira madzi. Mangeira inagona phwatalala. Tinayimbanso ndime yoyamba. Inagonabe. Pansi pa motobomba panayamba kudontha madzi akuda, dontho, dontho, kenako kamtsinje, madzi omwe aja anathiramo akubwerera kudothi.

Ndime yachiwiri ndinayimba ndekha. Anzanga anayamba kuchoka mmodzimmodzi, uyu akuti wasiya nyemba pamoto, uyu akuti mbuzi sanamange. Bambo a Lusiya anazimitsa injini, anatenga sipanala, anamasula mimba ija. Kachitsulo kozungulira mkati kanali kodyeka ngati chitsononkho chimene chiswe chagonapo. Mimbayo inali ndi mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, womatidwa ndi sopo ndi phula, pamwamba utoto. Analankhula kwa mkazi wawo, koma mokweza pang'ono kuti nthochi nazo zimve. Anati iyi inamwa madzi a m'dzenje la malasha, madzi amene amadya chitsulo, ndipo ku mgodi zikafika potere ankaziponya pa mulu wa zotaya.

Ndinaimba foni kwa wogulitsa uja, mwana wanga wa pa foni. Inalira osayankhidwa. Ndinatumiza mawu, osayimba tsopano. Mawa lake foni inkangoti munthuyu sakupezeka. Chithunzi chake chinachoka, m'gulu muja anali atatulukamo.

Lolemba ine ndi Felizimina tinaikwezanso chapa kutsika nayo ku Moatize, ulendo womwe uja ndinaukana uli wa munthu mmodzi wopanda katundu. Kunkatentha ngati m'ng'anjo, fumbi lakuda likulowa m'mano. Tinazungulira okonza makina a m'mbali mwa msewu. Woyamba anapukusa mutu. Wachiwiri anafuna kugula injini yokha pa mtengo wa nkhuku. Wachitatu, mdala wina wofatsa, anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti mtundu umenewu unabwera ndi makampani a kutali, zitsulo zake kuno kulibe, ku Tete kulibe, ndipo mimba ya mtundu wina siingalowe. Anandiyang'ana mwachisoni, akunditcha agogo m'Chipwitikizi, n'kuti, "Vovo, chatsopano pamenepa ndi utoto wokha."

Mdala yemweyo ataona kavidiyo kachiwiri analizindikira khoma lija. Anati ndi pamalo otsukira magalimoto, kuseri kwa msika. Tinapita. Khoma linalipo, mangeira inalipo, ikuthovoka madzi ochokera m'thanki ya eni malowo. Otsuka magalimoto anati anthu amabwera ambiri kudzajambula zinthu pamenepo, sangawakumbuke. Tinakadandaula ku polisi. Anandilandira bwino, anandifunsa dzina lonse la munthuyo, ndinalibe. Kumene amakhala, sindinkadziwa. Nkhope yake, sindinaionepo, ndinangoona dzanja likukoka chingwe. Ndinali ndi mawu ake okha m'foni, akunditcha mama.

Tinabwerera nayo. Tsopano inali nkhondo ya zitini, ndipo mwezi unali wa Okutobala. Tonse tinalowa m'dimba. Bambo a Lusiya zitini ziwiri m'manja, Felizimina ndowa pamutu, Lusiya ndi Marita akaweruka kusukulu tizigubu, ine ndi ndowa yanga ndikudzera njira ina kuti tisakumane ndi mkamwini. Taonani uchitsiru, munda ukufa, ine ndikuzungulirabe kuudzu. Ndinkayimba kuti mapazi ayende pamodzi, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mpaka mawu anasanduka mpweya wokha. Madzi tikathira kumapeto kwa mzere, koyambirira kwauma kale. Adubo wopanda madzi amawotcha, ndipo anawotchadi. Bambo wina wa kutsidya ali ndi motobomba yake, tinakapempha, anatibwereka tsiku limodzi, chifukwa mwezi umenewo aliyense tomato wake ali ndi ludzu. Tsiku limenelo ndinaona madzi akukwera chitunda monga ndinalotera, ndipo ndinalira, chifukwa ndinaona kuti maganizo anga anali abwino, ndinangowagulira chinthu chakufa.

Tomato anachita maluwa, maluwa anayoyoka. Masamba anapotana, anachita chikasu, anauma. Kamtsinje nako kanatsika. Pofika kumapeto kwa mwezi tinatola madengu ochepa a timatomato tonga maso a nkhuku, toti ogula pamalire ankangotiyang'ana n'kudutsa.

M'mawa wina ndikusesa, ndinamva kutsokomola. Ndinalowa m'nyumba monga mwa masiku onse, kudikira kuti adutse. Sanadutse. Anabwera mpaka pakhomo panga, anakhala pansi padothi. Ine ndinayang'ana kukhoma.

"Mama, lero ndilankhula nanu ndekha, mundikhululukire," anatero. "Za nkhumba sindikudandaula, za adubo sindikudandaula. Chikundipweteka n'chakuti ndinali pompano. Mukanangonena kuti pita ku Moatize ukaione, linali tsiku limodzi."

Ndinatembenuka. Zaka zonsezi ndinali ndisanaionetsetse nkhope ya munthu amene anakwatira mwana wanga. Anali ndi imvi cha m'makutu, masaya olowa, mapewa otupa ndi zitini. Ndinafuna kunena zambiri, kupepesa, kulonjeza, koma chimene chinatuluka n'chimodzi.

"Bambo, musanditengere ana."

"Ana amadya, mama," anatero, n'kudzuka.

Ananyamuka mvula isanagwe, kuti akapeze nthawi yodzala kwawo. Galimoto inaima pamsewu pomwe paja, anakweza matiresi ndi mabeseni. Felizimina sanandiyang'ane m'maso, ndipo ine sindinamukakamize, mkazi amatsata banja lake. Zinya anagwira kapulana yanga osafuna kusiya, mpaka amake anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Ndinawayimbira kuti asalire, kanyimbo kachibwana ka nkhuku yothawa mvula kamene ndinkawapekera posamba. Mawu sanandithere mpaka galimoto inakhota. Itakhota ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, mai Jowakina ndi amene anabwera kudzandidzutsa.

Mvula yagwa kawiri chichokereni. Changara ndi kutali kwa nkhalamba, udutse Moatize, uwoloke Zambezi, udutse Tete, upitirirebe. Ndinapitako kamodzi. Anandilandira bwino, anandiphera mbuzi, bambo a Lusiya anandipatsa moni wa dzanja ndipo ndinaulandira. Koma ana akulankhula Chinyungwe chokhachokha, ndipo Zinya atandiona anabisala kumbuyo kwa amake, anachita kuuzidwa kuti awa ndi vovo a ku Zobwe. Felizimina amati tidzabwera pa Khirisimasi. Amanena chaka chilichonse, ndipo ndikudziwa kuti sanama dala, ulendo wa anthu asanu si masewera. Nyumba yawo udzu wayamba kugwa. Anthu akuti ndiigwetse ndidzalepo maungu, ine ndikukana, ngakhale ndikudziwa kuti simudzagonanso munthu. Dimba lamera tchire. Motobomba ili m'khitchini, nkhuku zimaikira mazira kuseri kwake.

Ndiye inu owerenga, makamaka inu azimayi anzanga amene mwalandira mafoni kwa ana anu ndipo zala zayamba kuzolowera kupalasa, mverani ine. Chithunzi chimaonetsa mbali imene mwini wake wasankha. Kavidiyo kamayamba pamene iye wafuna, kamathera pamene iye wafuna, ndipo chimene chili kuseri kwa khoma simudzachiona. Katundu wakale si woipa, tonse timavala zakale, timagonera zakale, koma wakale amafuna maso ndi manja. Pitani komweko. Chapa ndi yotsika mtengo kuposa misozi. Chinthucho chigwire ntchito yake yeniyeni inu muli pomwepo: ngati n'chopopa chipope madzi a m'ndowa imene mwatunga nokha, ngati n'chosoka chisoke nsalu yanu, ngati n'choziziritsa mudikire mpaka madzi azizire. Mukaona chinthu chakale chikuwala kwambiri, kandani ndi chikhadabo. Ndipo munthu akayamba kukuuzani kuti wina akubwera mawa ndi ndalama m'manja, musiyeni winayo agule, mwina kulibe n'komwe. Ndalama isatsogole, izipita pamodzi ndi inu.

Musalonjezenso anthu madzi amene simunawaone. Ine ndikanangotseka pakamwa mpaka Loweruka lija, mbande zikanapita kumunsi, zotsala zikanagulitsidwa, tikanalira nkhumba yokha.

Koma chachikulu ndi ichi. Ngati pakhomo panu pali munthu wodziwa chinthucho, mufunseni, ndipo mumufunse nokha, ndi pakamwa panu, mumve yankho lonse ndi makutu anu. Akhale mkamwini, akhale mtengwa, akhale amene munayambana naye chaka chatha. Ulemu wathu ndi wabwino, sindikuunyoza. Mukhoza kuyang'ana kukhoma, iye ali pakhomo, n'kufunsa. Ine ndinalankhula momasuka ndi munthu wosamudziwa, ndinamuyimbira, ndinamutcha mwana wanga, koma wodziwa amene ankadya mchere wanga ndinkamuthawa kuseri kwa nkhokwe.

Ndimayimbabe, pakamwa sipanaphunzire kukhala chete. Kutchalitchi amati mayi uja sakalamba. Sadziwa. Mwezi wathawu Lusiya anatha msinkhu. Kwathu kuno ikanakhala ntchito yanga, ine agogo ake akuchikazi, kuitana azimayi, kumukhazika pamkeka, kumulangiza ndi kumuvinira. Nyimbo zake ndinayamba kuzisunga tsiku limene anabadwa. Anamulangiza azakhali ake a ku Changara, m'chilankhulo chawo, ndi nyimbo zawo. Ine ndinauzidwa pa foni, patapita sabata.